Mwana Akakakamira Chinthu Chimodzi

Mwana wanga, khala pansi undimvere. Nkhani ya mwana wokakamira chinthu chimodzi usaithamangire, komanso usaitaye kunkhongo. Ana otere m'mudzi uliwonse alimo. Wina zake ndi magalimoto: akangomva injini kumsewu amasiya nsima n'kuthamanga, ndipo amakuuziratu kuti ikubwerayo ndi lole kapena minibasi asanaione n'komwe. Wina amatolera zitsekerero za mabotolo mpaka matumba a kabudula kubooka. Wina ndi nyerere, wina manambala, wina kanyimbo kamodzi komweko kuyambira mbandakucha mpaka nkhuku kulowa m'khola. Ambiri mwa ana amenewa ali bwinobwino. Ochepa ali ndi kanthu kofunika kuti achipatala akaone msanga. Iwe kholo ndiwe woyamba kusiyanitsa, choncho ndikuuze poyang'ana.

Choyamba, kukula kwa chidwicho kusakuopse. Mwana amaphunzira pobwereza, ndipo chimene iwe chakutopetsa kale iye akali kuchisanthula. Mu 2007, Judy DeLoache wa ku University of Virginia, ku America, ndi anzake anafunsa makolo za ana awo aang'ono, ana wamba opanda vuto lililonse. Anapeza kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa atatu alionse anakhalapo ndi chinthu chimene anachikonda mopyola muyeso, ambiri mwa iwo anyamata: ndege, sitima, magalimoto, ena makapu a tiyi oseweretsa. Nthawi zambiri zotere zimazirala zokha, china n'kulowa m'malo. Ukamamukalipira tsiku ndi tsiku chifukwa choti akukusokosa ndi mafunso a magalimoto, adzaphunzira kuti chimene chimamukondweretsa n'chochititsa manyazi, ndipo adzasiya kukuuza za mumtima mwake. Tsiku limene udzafune kudziwa zimene akuganiza, udzapeza atatseka kale pakamwa.

Kumbukira William Kamkwamba wa m'mudzi mwa Masitala, kwa Wimbe ku Kasungu. Njala ya mu 2001 ndi 2002 itamuchotsa pasukulu chifukwa chosowa fizi, mtima wake wonse unapita pa zamagetsi. Ankangokhalira kutola zitsulo zotayidwa ndi kuvundukula mabuku a mu kalaibulale ka pasukulu ya pulayimale. Anthu ankati wapenga, ena ankati wayamba chamba. Ali ndi zaka 14 anaimika nsanja ya mitengo ya bulugama, n'kukolekapo njinga yakale ndi dayinamo, mphepo n'kuyatsa getsi pakhomo pa makolo ake. Koma uone bwino apa: mnyamatayo sanali yekha. Mbale wake ndi mnzake ankamuthandiza, ankakangana nawo, ankaseka nawo, ndipo getsi litayaka anafuna kuti aliyense aone. Pamenepa ndi pamene pagona nkhani yonse.

Chidwi cha mwana chili ngati kanyumba kamene wadzimangira. Usayang'ane kukula kwa kanyumbako. Yang'ana ngati kali ndi khomo. Mwana amene akukula bwino akaona ndege kumwamba amaloza, kenako amatembenuka kuyang'ana nkhope yako kuti aone ngati nawenso waiona. Akatola chitsekerero chokongola amathamanga nacho: "Amayi, taonani!" Sakupempha kanthu, akungofuna mukondwere awiri. Koma pali mwana amene amatha tsiku lonse ndi zitsekererozo osabweretsa ngakhale chimodzi kwa munthu, osaloza, osatembenuka. Akafuna madzi amagwira dzanja lako n'kulikokera kumtsuko osakuyang'ana kumaso, ngati kuti dzanjalo lilibe mwini. Mwana wachiwiriyu ndi amene ndikufuna umuyang'anitsitse.

Umuyese wekha, osati tsiku limodzi lokha. Tandika mkeka pafupi ndi pamene akusewera, utenge galimoto ina ya mawaya, uziyendetsa pambali pake osanena zambiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Uone ngati akusuzumira galimoto yakoyo, ngati akulola kuti zigundane, ngati akuseka ukachita zopusa dala. Umuitane dzina uli kumbuyo kwake, ndi mawu wamba, osakuwa. Uloze chinthu chili patali, uone ngati maso ake akutsata chala chako. Usachite izi ali ndi njala, tulo kapena malungo, chifukwa pamenepo ngakhale munthu wamkulu sayankha bwino.

Uonenso mmene amaseweretsera chinthucho. Mwana wa zaka ziwiri kapena zitatu galimoto yake imapita ku Limbe, imanyamula matumba a chimanga, imathera mafuta panjira, kondakitala n'kumakuwa. Chitsononkho chimasanduka khanda loberekedwa kumsana, dothi limasanduka nsima ya kumasanje. Kuyerekezera kumeneku ndi chizindikiro chakuti nzeru zikuyenda. Mwana wina galimotoyo amaigadamitsa, n'kumangozunguza gudumu limodzi maso ali pomwepo kwa ola lathunthu. Kapena amandandalika miyala pamzere, ndipo mwala umodzi ukasuntha amalira ngati walumidwa ndi njuchi. Kuzunguza gudumu mwana aliyense amachitako. Koma ngati masewera ake onse ndi omwewo mwezi ndi mwezi, kuyerekezera kulibe, anzake sawafuna, usanene kuti ndi khalidwe chabe.

Chinanso, uone chimene chimachitika ukamudukiza. Mwana aliyense amalira ukamulanda chimene akukonda, ndipo wochenjera amalira akukuyang'ana ndi diso limodzi kuti aone ngati ufewe. Ameneyo ukamupatsa chigumu waiwala. Koma pali kulira kwina kumene kulibe nzeru za kunyengerera munthu. Mwana amadzigwetsa, amamenyetsa mutu kukhoma, amadziluma dzanja, sakumva chilichonse, chifukwa choti lero mwadzera njira ina popita kumjigo kapena wamwera kapu ina. Ena phokoso la chigayo kapena la zokuzira mawu za kutchalitchi limawapweteka m'makutu moti amatseka makutu n'kukuwa. Mwana wotere usamukwapule. Mkwapulo umathandiza pamene mwana akudziwa chimene walakwa ndipo akanatha kuleka. Uyu sangathe kuleka panthawiyo, ndipo chimene angaphunzire pa chikoti chakocho ndi kukuopa basi. Muchotse paphokoso, umuteteze mutu, udikire mtima ukhale m'malo.

Uwerengenso zimene chidwicho chikumulanda. Ngati akudya, akugona, akusamba, akupita kusukulu, ali ndi mnzake ngakhale mmodzi, msiye atolere zitsekerero zake. Koma ngati tulo wathawa, ngati akukana chakudya chilichonse kupatula chimodzi, ngati aphunzitsi akuti m'kalasi sakhalamo, ngati banja lonse lasiya kupita kumaliro ndi kuukwati poopa mmene achitire, ndiye kuti mtolowu wakula kuposa mutu wako. Pita nawo kwa odziwa.

Tsopano sunga miyezi iyi pamtima, chifukwa ndi imene achipatala amayang'ana. Pofika chaka chimodzi, mwana azitembenuka ukamuitana dzina, azichita phokoso la "ba-ba-ba" ndi "ma-ma-ma", azibayibitsa kapena kutambasula manja kuti umunyamule. Pofika miyezi 16 akhale ndi mawu ngakhale amodzi odziwika tanthauzo. Pofika miyezi 18 aziloza chinthu kuti akuonetse. Pofika zaka ziwiri azilumikiza mawu awiri mwa iye yekha, monga "ndikufuna phala" kapena "ababa apita". Ndati mwa iye yekha, chifukwa pali ana amene amatha kubwereza chilengezo chonse cha pawailesi osaphonya, koma osatha kunena kuti ludzu lawagwira. Ukawafunsa "Ukufuna madzi?" amayankha kuti "Ukufuna madzi?" Anthu amawatama kuti ndi anzeru, ndipo nzerudi ali nazo, koma kulankhulana sikunayambe.

Ichi chokha usachigoneke ngakhale sabata: mwana amene ankalankhula n'kusiya. Ankati "amama", ankaloza nkhuku, ankasekerera alendo, kenako zonse zii. Kubwerera m'mbuyo kotereku, kaya ali ndi zaka zingati, n'kwa kuchipatala mawa lomwe.

Chenjera, chifukwa mwambo wathu womwe umatha kubisa vutoli. Ife timaphunzitsa mwana kuti asayang'ane wamkulu m'maso, ndipo n'zoona, umenewo ndi ulemu. Ndiye mwana woweramitsa nkhope pamaso pa agogo usamuganizire kanthu. Yang'ana mmene amachitira ndi mayi ake poyamwa ndi posamba, ndi ana anzake pabwalo. Timakondanso mwana wofatsa, wosavuta, amene ukamusiya pamkeka umamupeza pomwepo. Kufatsa kwina n'kwabwino, kwina n'kwa mwana amene sakufuna munthu. Atsikana ndiye amaphonyedwa kwambiri. Anyamata opezeka ndi vutoli amachuluka pafupifupi kanayi kuposa atsikana, komabe atsikana ambiri amangobisala: amatengera zochita za anzawo, amakhala duu m'kalasi, ndipo zimene amakakamira, monga zidole kapena amphaka, sizidabwitsa munthu.

Adzakuuza kuti mwana wamwamuna amachedwa kulankhula, kuti amalume ake nawonso anayamba ali ndi zaka zinayi. Adzakuuza kuti mwamusokoneza ndi zinenero ziwiri, Chichewa cha bambo ndi Chiyao cha mayi. Alemekeze akuluakuluwo, koma kuchipatala pita. Zinenero ziwiri siziletsa mwana kuloza kapena kutembenuka akaitanidwa. Ana a m'malire a dziko amakula ndi zitatu. Ndipo ngati amalume anachedwadi, chimenecho ndi chifukwa chinanso chopitira, popeza zinthu izi zimayenda m'magazi. Ukapita n'kupeza kuti palibe vuto, wataya ndalama ya kabaza yokha. Ukadikira n'kupezeka kuti linalipo, wataya zaka zimene ubongo wa mwana umaphunzira mofulumira kuposa nthawi ina iliyonse. Zengerezu analinda kwawukwawu.

Usathamangire kutchula dzina la vuto wekha, chifukwa zofanana nalo n'zambiri. Uyambe ndi makutu. Mwana amene wakhala akutuluka mafinya m'khutu, kapena anabadwa wosamva bwino, satembenuka ukamuitana, salankhula, ndipo amasewera yekha chifukwa dziko la anzake silimufika. Usadzinamize poti amadzidzimuka chitseko chikamenyeka. Kumva chitseko n'kosiyana ndi kumva mawu. Ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre kuli malo oyezera makutu. Ukumbukirenso ngati anadwalapo malungo aakulu ofika ku ubongo, okomoka nawo aja, kapena matenda oumitsa khosi. Madokotala a ku Blantyre komweko anatsatira ana opulumuka malungo otere ndipo anaona kuti ena pambuyo pake amayamba khunyu kapena kusintha khalidwe. Palinso khunyu losagwetsa: mwana amangoti maso tong'oo kwa kamphindi, ukamugwedeza sayankha, kenako amapitiriza ngati palibe chachitika. Limeneli lili ndi mankhwala ake.

Dzina limene ungakamve kuchipatala ndi autism. Usalione ngati temberero. Ndi mmene ubongo wa munthu unapangidwira kuyambira ali m'mimba, moti kulankhulana ndi anthu kumamuvuta, kusintha kwa zinthu kumamusautsa, ndipo chimene wachikonda amachigwira ndi manja awiri. A bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO ananena mu 2023 kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa 100 alionse ali nalo, ndipo silisankha khungu kapena thumba. Ena salankhula moyo wawo wonse ndipo amafuna wowasamalira. Ena amaphunzira mpaka kuyunivesite, amakwatira, n'kumangodziwika kuti ndi anthu a zawozawo.

Mmodzi mwa oyamba kulilongosola momveka ndi dokotala Leo Kanner wa ku Johns Hopkins mumzinda wa Baltimore, yemwe mu 1943 analemba za ana 11. Woyamba pa anawo anali Donald Triplett wa m'tauni yaing'ono ya Forest ku Mississippi, wobadwa mu 1933. Ali mwana ankakonda kuzunguza ziwaya ndi timatabwa pansi, ankaloweza nyimbo ndi manambala, koma anthu sankawalabadira. Makolo ake anakamusiya kumalo osungirako ana, koma patatha chaka anakamutenga. Anakulira pakati pa anthu a kwawo amene anamuzolowera ndi kumuteteza. Anaphunzira, anagwira ntchito kubanki zaka zambirimbiri, ankayendetsa galimoto, anayenda mayiko akutali, ndipo anamwalira mu 2023 ali ndi zaka 89. Sindikukulonjeza kuti mwana aliyense adzatero. Makolo akewo anali ndi chuma, ndipo ana amasiyana. Koma uone chimene chinamusunga: abale ndi anansi amene sanamutaye.

Usalole kuti mlandu ugwere mayi. Ngakhale azungu anagwa m'mbuna imeneyi. Kwa zaka zambiri akatswiri ena, makamaka Bruno Bettelheim, ankaphunzitsa kuti vutoli limadza chifukwa mayi ndi wouma mtima, ndipo amayi ambirimbiri analira misozi ya mlandu umene sanapalamule. Mu 1977, Susan Folstein ndi Michael Rutter anafufuza mapasa ku Britain n'kuonetsa kuti nkhaniyi imayendera kwambiri chibadwa. Kwathu kuno timati mayi sanasunge mwambo, kapena anadya chosayenera ali ndi pakati. Mawu amenewo amapasula mabanja, ndipo bambo akachoka, amene amavutika ndi mwana yemweyo. Iwe ngati ndiwe bambo, kuchipatala mupitire limodzi, ukadzimvere wekha ndi makutu ako.

Katemera naye usamunamizire. Mu 1998 dokotala wina wa ku Britain, Andrew Wakefield, analemba m'magazini ya zachipatala ya The Lancet zoti katemera wa chikuku akukhudzana ndi autism, atangoona ana 12. Zinadzapezeka kuti panali chinyengo. Mu 2010 magaziniyo inachotsa nkhaniyo ndipo iye analandidwa chilolezo cha udokotala. Kafukufuku wa ana ochuluka zedi m'mayiko osiyanasiyana sanapeze mgwirizano uliwonse. Chimene chimasokoneza anthu n'chakuti katemera wa chikuku amabayidwa pa miyezi 9 ndi 15, nthawi yomweyo imene zizindikiro zimayamba kuonekera. Ife akale tinaona chikuku chikukolola ana m'midzi, ena n'kuwasiya akhungu. Usachiitanenso.

Za ufiti ndinene mosabisa, chifukwa ndikudziwa kuti zidzanenedwa. Bambo akakhala ndi golosale yoyenda bwino, mwana n'kukhala wosalankhula, anthu amanong'onezana kuti anamukhwimira. Kukakhala kuti pakhomopo palibe chuma, chala chimaloza agogo okalamba a kuseri. Lamulo la dziko lino la mu 1911 limaletsa kunenera munthu ufiti, koma ine chimene chimandipweteka ndi mwana. Pamene mukuyenda kwa asing'anga, mbuzi zikutha, thupi lake likudzaza mphini, nthawi ikupita. Kupemphera pempherani, ine ndemwe ndimapemphera. Koma aliyense wokuuza kuti mwanayo asale kudya, amangidwe, akwapulidwe kuti chiwanda chituluke, nyamula mwana wako uchokepo. Chimodzimodzinso ogulitsa mabotolo a mankhwala "ochiza" autism pa WhatsApp ndi pa Facebook. Mankhwala ochiza kulibe. Alipo othandiza khunyu, kusowa tulo ndi kudzivulaza, ndipo amenewo amalemba ndi dokotala.

Kukakamira kwina sikuchokera m'chikondi koma m'mantha, ndipo nkhope ya mwana idzakuuza. Wokonda magalimoto nkhope imawala akamawatchula. Koma mwana wokulirapo amene akusamba m'manja mpaka khungu kusweka, amene akubwerera kangapo kukaona ngati chitseko chatsekedwa, amene akuti akapanda kuwerenga masitepe ake amayi amwalira, ameneyo sakukondwa. Akudziwa kuti n'zopanda nzeru koma maganizo akumukakamiza. Achipatala amati OCD, ndipo thandizo lake lilipo. Ukamuseka adzabisa, ndipo chobisika chimakula.

Palinso kubwereza kwa mwana amene waona zoopsa. Namondwe wa Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche pa nyumba za ku Chilobwe m'mwezi wa Malichi 2023, ana ambiri anaona zimene maso a mwana sayenera kuona. Mwana wotere akhoza kumangoumba nyumba zadothi n'kuzikokolola ndi madzi, kumangosewera maliro, kunjenjemera mitambo ikada. Usamuletse mwaukali, chifukwa m'masewera ndi mmene akulankhulira zimene pakamwa pakulephera. Khala naye pafupi. Zikapitirira mwezi, akulota zoopsa, wayambanso kukodza pamphasa, funa aphungu a zamaganizo.

Ndipo ichi ndikunena motsitsa mawu. Mwana wamng'ono akayamba kukakamira nkhani kapena masewera a zogonana oposa msinkhu wake, akudziwa zimene sakanadziwa, usamumenye n'kumutcha wopanda khalidwe. Dzifunse kuti wazitenga kuti. Mwina ndi pafoni, mwina pali munthu akumuchita zachipongwe, ndipo kawirikawiri munthuyo sakhala mlendo. Imba 116, nambala yaulere yothandiza ana, kapena pita kuchipatala ndi ku ofesi ya apolisi yothandiza ochitiridwa nkhanza. Nkhani imeneyi sithera pabwalo la banja.

Wodya dothi la pachulu, makala kapena sopo atapitirira zaka ziwiri, akamuyeze magazi ndi njoka za m'mimba. Nthawi zambiri ndi kuchepa kwa magazi.

Foni nayo ndiitchule. Ana a masiku ano mukuwaletsa kulira ndi katuni, kenako mukudabwa kuti sakuisiya. A WHO analangiza mu 2019 kuti mwana wosafika zaka ziwiri asamaonere zimenezi, ndipo wa zaka ziwiri mpaka zinayi asapyole ola limodzi patsiku. Foni siyambitsa autism, koma imadya nthawi imene mwana akanamva mawu a anthu ndi kuyankha. Ichotse kwa milungu ingapo, ulire naye masiku oyambawo, umubwezere pabwalo. Ngati ayamba kuloza, kuitana ndi kusewera ndi anzake, wapeza wakuba. Ngati palibe chasintha, usawonjezerenso milungu ina.

Poyambira ndi pafupi. Pita kusikelo ndi buku lake la kuchipatala, koma usangomukweza pasikelo n'kubwerera. Uza mlangizi wa zaumoyo kapena namwino kuti, "Kulemera akulemera, koma sakuloza, sakuyankha dzina, ndipo tsiku lonse amangozunguza chivundikiro." Safunsa anadya phula. Pempha kalata yopitira kuchipatala cha boma lanu, ndipo kukafunika akutumize ku zipatala zazikulu: Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba Central kapena Mzuzu Central, kumene kuli madokotala a ana. A St John of God, ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, amathandiza pa zamaganizo, ndipo ku Mzuzu akhala akugwira ntchito ndi ana ochedwa kukula m'nzeru. Dziwanso kuti muyeso wa kakulidwe ka ana wopangidwira ana athu ulipo, wotchedwa MDAT, umene Melissa Gladstone ndi anzake anaukonza poyeza ana a m'midzi ya kuno n'kuufalitsa mu 2010. Umayang'ana kayendedwe, kagwiridwe ka zinthu, kalankhulidwe ndi kakhalidwe ndi anthu. Ku America madokotala amalangizidwa kufufuza autism mwa mwana aliyense pa miyezi 18 ndi 24, ndipo katswiri wozolowera amatha kuizindikira mwana ali ndi zaka ziwiri. Choncho mawu oti "akadali wamng'ono" asakubweze.

Upite utakonzeka, chifukwa mzere umakhala wautali ndipo dokotala ali ndi mphindi zochepa. Lemba papepala: anakhala pansi liti, anayenda liti, mawu oyamba ananena liti, ali ndi mawu angati lero, anadwalapo chiyani, kubadwa kwake kunali bwanji, kubanja kuli wina wotere kapena ayi. Ngati pali foni yojambula, jambula kakanema pamene akuchita zimene zikukudetsa nkhawa, popeza mwana akafika pamalo achilendo amasintha. Tenga munthu amene amaswera naye, kaya ndi agogo, kaya ndi mlezi, kaya mawu olembedwa ndi aphunzitsi a kumkaka. Usabise kanthu pochita manyazi, ndipo usakokomeze. Akakuuza kuti "adzasintha" osamuyeza, thokoza mwaulemu, funsa kuti ubwerenso liti, ndipo pakatha miyezi itatu zinthu zili chimodzimodzi ubwererenso kapena ukaonane ndi wina.

Usayembekezere jakisoni. Chimene ukatenge kumeneko ndi kudziwa, ndiponso njira zomuphunzitsira: mmene ungamuthandizire kupempha chinthu ndi chala, ndi chithunzi kapena ndi mawu; mmene ungamuphunzitsire kudya, kuvala ndi kupita kuchimbudzi yekha. Akatswiri a zolankhula m'dziko muno ndi ochepa kwambiri, ndiye ntchito yaikulu idzagwiridwa ndi iwe pakhonde pako. Kalata ya dokotala idzakuthandizanso kusukulu. Ku Montfort, ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, amaphunzitsa aphunzitsi a ana ofunika thandizo lapadera, ndipo sukulu zina za boma zili ndi zipinda zawo. Funsa kwa mlangizi wa maphunziro wa m'dera lanu kuti yapafupi ili kuti. Funanso makolo anzako, monga a bungwe la PODCAM la makolo a ana olumala; amene wayenda kale njirayi amadziwa zimene dokotala sangakuuze.

Chinthu chimene amachikondacho usachitenthe, usachitaye m'chimbudzi. Ndi pomwepo pogwirira. Wa zitsekerero muphunzitse kuwerenga ndi zitsekerero, mitundu ndi zitsekerero, kusinthana ndi mnzake ndi zitsekerero: "chako, changa, chako, changa." Chimene akuchifuna kwambiri chiike poti akuchiona koma sangachifikire, kuti abwere kwa iwe adzapemphe, ndipo akangoyesa, ngakhale ndi diso lokha, mupatse msanga. Temple Grandin wa ku America, wobadwa mu 1947, sanalankhule mpaka atapitirira zaka zitatu. Ali mtsikana anakacheza kufamu ya azakhali ake ku Arizona, mtima wake n'kukodwa pa chipangizo chopanira ng'ombe pozibaya katemera. Ena ankafuna kumuletsa, koma mphunzitsi wake wa sayansi, William Carlock, anamuuza kuti afufuze chifukwa chake kupanidwa kotero kumakhazika mtima pansi. Anadzakhala pulofesa wa za ziweto ku Colorado State University, ndipo makola ndi njira zoyendetsera ng'ombe zimene iye anakonza zikugwiritsidwa ntchito m'malo ambiri ophera ng'ombe m'dziko lakelo.

Koma malire uike, chifukwa kumvetsa mwana sikumulekerera. Nthawi ya nsima ndi ya nsima, nthawi yogona ndi yogona. Chinsinsi n'kumuchenjeza zisanachitike: "Ndikamaliza kupakula, magalimoto akagona m'dengu." Unene mawu omwewo tsiku lililonse, ndipo onse a pakhomo anene chimodzi, osati amayi aletsa, agogo aloleza. Mawa kukakhala ulendo, muuze lero. Abale akenso uwayang'ane. Mwana wamkulu wamkazi asasanduke mlezi mpaka kusiya sukulu, chifukwa udzakhala wapulumutsa mmodzi n'kugwetsa wina.

Pomaliza penipeni pa zoopsa: madzi, moto ndi msewu. Ana ambiri a autism amakopeka ndi madzi ndipo amatha kuchoka pakhomo mwakachetechete, osaopa, osayankha mukamawaitana. Wokonda magalimoto amalowa pamsewu kutsata lole. Wokonda malawi amagwira mbaula. Chitsime cha pakhomo chivundikire ndi chinthu cholemera, mgolo wa madzi ukhale ndi chotsekera, machesi ndi mafuta a nyale zikhale pamwamba, ndipo loko wa chitseko umukweze pamene dzanja lake silifika. Ngati muli kufupi ndi nyanja, mtsinje kapena damu, asakhale yekha ngakhale nthawi yongopita kukatenga mchere. Usamubise m'nyumba poopa pakamwa pa anthu. Uza anansi, a kabaza a pasiteji, amayi a pamjigo ndi a mfumu kuti mwana uyu sayankha akaitanidwa, ndipo aliyense womuona ali yekha amugwire dzanja abwere naye. Musokere kansalu kolembedwa nambala ya foni yako mkati mwa malaya ake. Tsiku limene wasowa, anthu agawane pomwepo, ndipo oyamba athamangire kumadzi.